Kodi Tiŵapatse Chiyani Chokaŵerenga Kunyumba?

Pali chizoloŵezi chimene chidazika mizu pakati pa ife aphunzitsi a Chingerezi, ndipo inu amene muli pa maphunziro a uphunzitsi mudzachipeza chikukudikirani ku sukulu kumene mudzatumizidwe. Belu likatsala pang'ono kulira, mphunzitsi amatembenukira ku bolodi nalemba kuti ana akaŵerenge okha kunyumba gawo loyamba la seŵero la Macbeth, ndipo kuti maŵa lake adzayankhe mafunso. Akatero amatuluka mtima uli m'malo, poganiza kuti ndi lamulo limodzi lomwelo waphunzitsa Shakespeare ndiponso wazoloŵeza ana kuŵerenga paokha. Ine ndikuti sadachite chilichonse mwa ziŵirizi. Ndi ntchito ziŵiri zosiyana, ndipo kuziphatikiza ndiko kuziononga zonse. Seŵero la Shakespeare malo ake ndi m'kalasi, pamaso pa mphunzitsi. Chopita kunyumba chikhale buku lopepuka limene mwana wadzisankhira yekha.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tiyeni tiitengere pa mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Mudziwu udatsamira mapiri a nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ndipo kumaso kwake kuli nyanja ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Anthu ake ambiri amadalira usodzi. Mwana akaŵeruka ku sukulu sapeza tebulo ndi mpando zikumdikira. Mtsikana amapeza mbale zofunika kutsuka, madzi ofunika kutunga ndi usipa wofunika kutembenuza pa thandala. Mnyamata amapeza maukonde ofunika kusoka kapena kunyamula. Dzuŵa limaloŵa cha m'ma 6 koloko, ndipo m'miyezi ya Mwera limafulumirirapo. Usiku wopanda mwezi, mukaima pa mchenga, mumaona nyali zambirimbiri zitandandalika pa madzi kukopa usipa. Nyali zoŵala koposa za m'mudziwu zili kumeneko, pa nyanja, chifukwa ndiko kumene kumachokera chakudya. Kunyumba kumatsala tochi ya pa foni kapena kanyali ka sola, ndipo akulu ndiwo amayamba kukagwiritsa ntchito. Onjezerani kuti buku limodzi la seŵerolo amagaŵana ana angapo, ena a kumapeto kuno kwa mudzi, ena a kumapeto uko. Tsono amene wauzidwa kuti akaŵerenge ndi uti?

Koma tiyerekeze kuti mwana wathu wapeza buku, nyali ndi mpata. Chimene atsegule n'chiyani? Macbeth adalembedwa cha m'ma 1606, m'Chingerezi chimene ngakhale ana a ku England samachimva popanda ndemanga zosindikizidwa m'mbali mwa tsamba. Mwana wa ku Chembe amalankhula Chicheŵa kunyumba, ena Chiyao kapena Chitonga, ndipo adayamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi atafika Sitandade 5. Akatswiri aŵiri, Marcella Hu ndi Paul Nation, adafalitsa m'chaka cha 2000 zotsatira za kafukufuku wawo zoonetsa kuti munthu woŵerenga m'chilankhulo chachilendo amamva bwino nkhani popanda womthandiza ngati akudziŵa kale mawu pafupifupi 98 mwa mawu 100 aliwonse. Tengani tsamba lililonse la Macbeth, mumpatse mwana wa Folomu 2 kapena amene wangoloŵa kumene Folomu 3, mumuuze kuti achonge mawu amene sakuŵadziŵa. Pensulo idzatha asadafike pakati.

Pano pali msampha wina umene uli wa ku Chembe makamaka. Chifukwa cha alendo oona malo amene amadza kudzasambira ndi kudzaona mbuna, anyamata ambiri a kumeneko amalankhula Chingerezi mosadodoma, kuposa anzawo a m'midzi ya kumtunda. Mphunzitsi watsopano akamva zimenezi amaganiza kuti wapeza kalasi la akatswiri. Koma Chingerezi cha pa mchenga, chotsatsira bwato ndi mikanda, n'chosiyana ndi Chingerezi cha m'buku. Mwana akhoza kucheza ndi mlendo ola lathunthu koma n'kulephera kutsatira ndime imodzi yolembedwa. Eddie Williams, amene adayesa ana a sukulu za pulayimale m'Malaŵi ndi m'Zambia m'zaka za m'ma 1990, adapeza kuti ambiri mwa ana athu ankaŵerenga Chingerezi mofooka kwambiri, pamene Chicheŵa ankachiŵerenga bwino ndithu. Mphunzitsi wa sekondale amalandira ana otere, ndipo ayenera kuyambira pamene iwo ali.

Zotsatira za homuweki yotereyi tonse timazidziŵa. Mwana wakhama amayang'ana tsamba mpaka maso kufiira, osatolapo kanthu. Wochenjera amabwereka manotsi a mkulu wake amene adalemba mayeso zaka zapitazo, kapena amapempha foni nakopera chidule cha pa intaneti. Maŵa lake onse aŵiri amakhala chete m'kalasi, mphunzitsi nayamba kuŵanena ulesi. Kulephera funso limodzi n'kwakung'ono. Choopsa n'chakuti mwana amatsimikiza mumtima kuti mabuku si ake, kuti kuŵerenga ndi chilango chimene amapatsidwa anthu a sukulu. Mwana wotere akalemba mayeso ake otsiriza sadzatsegulanso buku moyo wake wonse, ndipo ameneyo tamluza ndife.

Nanga chopita kunyumba chikhale chiyani? M'zaka za 1980 ndi 1981, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai adayesa njira ina m'sukulu za kumidzi za ku Fiji, dziko la zilumba kumene Chingerezi ndi chilankhulo cha ku sukulu monga kuno. Adapereka mabuku a nthano pafupifupi 250 ku kalasi lililonse, ana naŵerenga mphindi 20 mpaka 30 tsiku ndi tsiku m'malo mwa maphunziro ena a Chingerezi a masiku onse. Patatha miyezi isanu ndi itatu, ana ameneŵa adali atapita patsogolo pa kuŵerenga kaŵiri kuposa momwe ana amapitira nthaŵi zonse, ndipo chaka chachiŵiri adaposa anzawo ngakhale pa kalembedwe ndi galamala. Mabukuwo adali ophweka ndi okoma, ndipo adali ambiri. Chinsinsi chake n'chomwecho.

Ife mabuku 250 pa kalasi sitingaŵapeze msanga, koma bokosi la mabuku 40 likhoza kupezeka ngati mphunzitsi ali wouma khosi. Lembani kalata ku National Library Service. Funsani kwa aphunzitsi opuma pa ntchito, amene m'masutikesi mwawo mukadali timabuku ta Pacesetters timene a Macmillan adayamba kusindikiza m'chaka cha 1977, ndi ena a African Writers Series. Ku Chembe kulinso mwayi umene kwina kulibe: alendo amasiya mabuku m'malo ogona, ndipo eni malowo ena sangakane kugaŵako, malinga inu muyambe mwaŵerenga nokha, pakuti si buku lililonse la mlendo loyenera mwana wa zaka 14. Mwana asankhe yekha. Atsegule tsamba limodzi, ndipo akapeza mawu osaŵadziŵa oposa zala za dzanja limodzi, alibweze natenga lina popanda manyazi.

Ndipo m'bokosimo muikemo mabuku a Chicheŵa. Ndikudziŵa kuti aphunzitsi ena a Chingerezi atukula zikope pomva zimenezi. Koma mwana amene watha Nthondo wa Samuel Josia Ntara, kapena Sikusinja ndi Gwenembe wa J. W. Gwengwe, kapena Njala Bwana wa Willie Zingani, waphunzira chinthu chimene palibe mphunzitsi angamuuze ndi pakamwa: kukhala pansi ndi nkhani yaitali, kusunga maina a anthu m'mutu, ndi kulakalaka kudziŵa chimene chili pa tsamba lotsatira. Luso limenelo amaoloka nalo kupita ku Chingerezi.

Za kuyesa ngati aŵerengadi, musaŵalembetse chidule cha buku lililonse, chifukwa mudzabwezeretsa chilango chomwe chija. Tsamba lomaliza la kope n'lokwanira: dzina la buku, tsiku, ndi masamba amene wafika. Lachisanu lililonse ana atatu kapena anayi aimirire, aliyense auze anzake kwa mphindi ziŵiri chimene chamkondweretsa kapena kumkwiyitsa m'buku lake. Wonama amadziŵika msanga, ndipo amamgwira ndi anzake, osati inu. Popeza mdima ndiwo mdani, kota la ola pansi pa mtengo ana asadabalalike liŵerengedwe ngati gawo la ntchito yokachitira kunyumba.

Tsopano tibwerere kwa Macbeth. Sindikunena kuti timtaye. Iye ndi Romeo and Juliet akhala ali pa mndandanda wa mabuku a mayeso a MSCE pa zaka zosiyanasiyana, ndipo ngakhale pakadapanda mayeso, ndi nkhani yoyenera ana athu. Koma ndi seŵero, ndipo seŵero adalilembera makutu ndi maso. Ambiri mwa anthu amene ankaonerera maseŵero a Shakespeare ku London adali anthu wamba oimirira pa bwalo, monga momwe makolo athu ankazungulirira wailesi kumvera Seŵero la Sabata Ino. Choncho tsiku loyamba musatsegule buku. Fotokozani nkhani yonse ndi pakamwa, m'Chingerezi chophweka, ndipo pofunika kutero m'Chicheŵa: msilikali wolimba mtima amene mfiti zitatu zidamlosera ufumu, mkazi wake amene adamsonkhezera, mfumu Duncan imene idadza kudzagona kwawo ngati mlendo niphedwa usiku, bwenzi lake Banquo amene adaphedwa pambuyo pake, mayi uja akuyenda m'tulo, kusamba m'manja mosalekeza, ndi nkhalango ya Birnam imene idaoneka ngati ikuyenda. Musaope kuti mwaulula mathero. Kukoma kwa seŵero lothera m'tsoka kuli pa kuona munthu akuyenda kulunjika ku dzenje limene ife owonerera taliona kale.

Wina asakuuzeni kuti kuchita zimenezi n'kuchepetsa Shakespeare. Charles ndi Mary Lamb adalembera ana a ku England nkhani za maseŵeroŵa m'mawu ophweka m'chaka cha 1807. Julius Nyerere adamasulira Julius Caesar m'Chiswahili m'chaka cha 1963, ali mtsogoleri wa dziko. Welcome Msomi adasandutsa Macbeth kukhala uMabatha wa Chizulu m'chaka cha 1970, seŵero limene lidakafika mpaka ku London. Kwathu kuno Stanley Onjezani Kenani adamasulira Romeo and Juliet m'Chicheŵa. Ana akadziŵa nkhani, pamenepo tengani zigawo zikuluzikulu, muziŵerenge mokweza inu poyamba, kenaka iwo ataimirira, wina Macbeth, wina mkazi wake, wina mlonda wa pa chipata woledzera uja. Mawu ovuta muŵamasulire pomwepo, akadali m'kamwa.

Ana a ku Chembe ali ndi khomo lawolawo loloŵera m'nkhaniyi. Scotland si dzina lachilendo kwa iwo. Amishoni a Livingstonia, pamodzi ndi Dr Robert Laws, adafika pa doko lawo lomwelo pa sitima ya Ilala m'chaka cha 1875, nakhalapo mpaka 1881 pamene malungo adaŵasamutsira ku Bandawe, ndipo manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero kufupi ndi Otter Point. Auzeni kuti Macbeth adali mfumu yeniyeni ya dziko la anthu amenewo, kuyambira 1040 mpaka 1057, ndi kuti Duncan weniweni adafera ku nkhondo, osati pa mphasa. Mudzaona manja akukwera: nanga wolembayo adasinthiranji? Funso limenelo ndilo chiyambi cha phunziro la zolembalemba.

Kodi ndiye kuti pa seŵeroli pasakhale ntchito yokachitira kunyumba? Ikhalepo, koma ikhale yosalira buku kapena nyali. Mwana anyamule funso m'mutu. Akafunse agogo ake kuti pa mwambo wathu munthu wochitira chiwembu mlendo wogona m'nyumba mwake ankamuona bwanji. Akafunse za nthano ya munthu amene adalanda ufumu wosakhala wake, ndi mmene adathera. Akaganize ali pa thandala kuti adapha Duncan ndani kwenikweni: mfiti zimene zidangolosera, mkazi amene adakakamiza, kapena mwini dzanja? Maŵa lake alembe ziganizo zisanu m'kalasi, kukuŵala. Apa ndichenjeze: nkhani ya ufiti m'mudzi si yoseŵera nayo, ndipo lamulo la dziko lino la m'chaka cha 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mafunso anu akhale a mfiti za m'buku, ndipo mwana akayamba kutchula maina a anthu a m'mudzi, mumdule msanga. Kwa ana otsogola, ikani pambali pa Macbeth seŵero la Steve Chimombo la The Rainmaker, la m'chaka cha 1978, lonena za M'bona, kuti aone kuti nafenso tili nazo nkhani za ulamuliro, nsanje ndi mwazi.

Chodandaula chimene ndimamva kaŵirikaŵiri n'chakuti nthaŵi ndi yochepa, ndipo kuŵerenga seŵero lonse m'kalasi kudzadya mapiriyodi a galamala ndi chimangirizo. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sindilipeputsa. Koma ŵerengerani bwino. Mwa maseŵero onse a Shakespeare othera m'tsoka, Macbeth ndiye wamfupi koposa; pa bwalo amatha m'maola aŵiri kapena kupitirira pang'ono. Mukamgaŵa m'zidutswa za mphindi khumi, ndi kutsalako kwa piriyodi kukhala kwa kumasulira ndi kukambirana, amatha m'teremu imodzi pa mapiriyodi aŵiri pa sabata. Mphunzitsi amene amatuma ana kukaŵerenga okha amathera mapiriyodi omwewo kulembetsa manotsi a zimene anawo sadaŵerenge. Mukapita kokayeserera kuphunzitsa, pemphani mphunzitsi wa kalasilo akulolezeni kuyesa njira ziŵirizi pa zigawo ziŵiri zotsatana, kenaka mufunse ana mafunso ofanana, mabuku ndi makope zili zotseka.