Belo Timalipima, Nanga Chifuwa cha Mlongo Wathu?

Anzanga, ine ndinakulira m'minda ya fodya ku Kasungu, ndipo ndikudziwa kuti pa okushoni ya Chinkhoma belo silidutsa osatsekulidwa. Ogula amapisa dzanja m'kati, nanunkhiza tsamba. Akapeza zinyalala, belo limabwerera kwa mwini wake. Nanga bwanji chinthu cholowa m'chifuwa cha mkazi timangochilandira ndi manja awiri?

Msuweni wanga atagulitsa fodya anapita ku Johannesburg kukaikidwa timatumba ta silikoni tokulitsa mabere. Iyeyo sindimdzudzula ayi, thupi ndi lake. Ndikudzudzula amene anamuonetsa zithunzi zokongola zokhazokha. Chaka chisanathe bere limodzi linauma gwa, likuwawa, chifukwa chipsera cha m'kati chinafinya kathumba. Dokotala uja ali kutali, ndipo msuweniyo alibe ngakhale kapepala kotchula dzina la kathumbako.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2010 boma la France linaletsa timatumba ta kampani ya PIP titapezeka ndi silikoni wa m'mafakitale, wosayenera thupi la munthu. Mwini kampaniyo, Jean-Claude Mas, anagamulidwa zaka 4 za ndende mu 2013. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika timatumba take tokhakhala kunja, bungwe la FDA la ku America litaona kuti tikukhudzana ndi khansa ina yosowa yoyambira m'chipsera chozungulira kathumba. Ngati eni mankhwala anapusitsika chotere, kuli bwanji ife?

Ena mwa inu aphunzitsi mudzati iyi ndi nkhani ya olemera, yosakhudza matenanti. Pitani kumsika mukaone mafuta ndi mapilitsi “okulitsa mabere” opanda dzina la wopanga. Akugulawo ndi ana a matenanti omwewo. Manyazi athu okamba za thupi ndiwo akulemeretsa ogulitsa.

Choncho mlongo wanga, ngati watsimikiza mtima, funsa: kodi dokotalayu ndi wovomerezeka pa opaleshoni yotere? Kathumbako dzina ndi nambala yake n'chiyani? Bala likatukusira uli ku Kasungu, adzakuona ndani? Dziwanso kuti timatumbati si ta moyo wonse: timatha kuphulika, ndipo opaleshoni yachiwiri imafuna ndalama zina. Ngati umasuta, leka. Fodya yemweyu amachedwetsa bala kupola.

Belo lokanidwa limabweranso sabata ina. Bere silitero. Safunsa anadya phula.