Tikaonere mpira ku Beira, tikaonenso nyanja

Fodya wa ku Chifunde amaidziwa njira ya ku Beira kuposa alimi ake. Akachoka pamsika amapita ku fakitale mumzinda wa Tete, kenako amakwezedwa m'malole n'kutsetserekera kudoko, kumene sitima zapamadzi zimamutengera kumayiko akutali. Nawo malole a kopa ochokera ku Zambia amalowa pa Cassacatiza n'kumadutsa mumsewu wa N9 usana ndi usiku, pobwerera atasenza feteleza kapena mafuta. Ana athu amawabayibitsa tsiku lililonse. Koma mukafunsa m'mudzi kuti ndani anafikako kumene malolewo amathera, mupeza anthu owerengeka: wina amene anali msilikali, mphunzitsi mmodzi, mwinanso mayi amene anaperekeza wodwala kuchipatala chachikulu.

Chifukwa chake si umphawi wokha. Ife a kuno tinazolowera kuyang'ana kumpoto. Kwa munthu wa ku N'sadzu, Katete ndi Chipata zili pafupi kuposa Tete. Wa ku Mualadzi akafuna msika wabwino amaganiza za Malawi. Mwezi wa August ukafika timakwera njinga ndi malole kupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Wayilesi imene imamveka bwino m'nyumba zambiri ndi ya kutsidya, ndipo kwacha imayenda m'manja mwathu limodzi ndi metikali. Nthawi ya nkhondo mabanja ambiri anathawira ku Malawi, ena ku Ukwimi m'dziko la Zambia, n'kudzabwerera mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Amene ali makolo lero ambiri anaphunzira kuwerenga kumeneko. Palibe chochititsa manyazi apa, pakuti malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa anthu amodzi. Chimene chimandipweteka n'chakuti kwa achinyamata ambiri a kuno, Mozambique ndi chitupa cha m'thumba ndi tsiku la chisankho basi. Dziko lenilenilo sanaliyendepo.

Pa mpira zilinso chimodzimodzi. Mnyamata wa kuno akhoza kukutchulirani osewera a Bullets ndi Wanderers, a Chipolopolo, a Arsenal amene amawaonera m'kanyumba ka vidiyo, koma ligi ya dziko lake, Moçambola, anali kungoimva patali. Zinayamba kusintha mu 2017, pamene União Desportiva do Songo inatenga ligiyo, koyamba kuti timu ya m'chigawo cha Tete ichite zimenezi. Inabwerezanso mu 2018 ndi mu 2022. Mphunzitsi amene anaitsogolera mu 2017 anali Chiquinho Conde, mwana wa ku Beira, yemwe pambuyo pake anapatsidwa timu ya dziko, ma Mambas. Chaka cha 2016 ligi inali itapita kwa Ferroviário da Beira, ndiye kwa zaka zitatu zotsatizana chikho chimene matimu a ku Maputo ankachiyesa chawo chinakhala m'chigawo chapakati. Kuyambira pamenepo Songo ikamakumana ndi Ferroviário da Beira sipakhala masewero wamba.

N'chifukwa chake anyamata a timu ya kwathu kuno, atagulitsa fodya, anagwirizana zosonkherana kuti akaonere masewero amenewo ku Beira. Anandipempha kuti ndiwaperekeze, ndipo malume a mmodzi wa iwo, munthu wa imvi zake, anati sangatsale. Ku America kuli chizolowezi chotere: banja limakwera galimoto kumapeto kwa sabata kupita ku Baltimore kapena San Francisco kukaonera baseball, n'kuyenderanso doko ndi misika ya nsomba. Bwalo la ku San Francisco lili m'mphepete mwenimweni mwa madzi, moti mpira ukamenyedwa kwambiri umagwera m'nyanja, anthu n'kumaulimbirana ali m'timabwato. Iwo amanyamuka Loweruka n'kubwerako Lamulungu madzulo. Kwa munthu wa ku Chifunde ulendo wotere umayamba Lachisanu m'bandakucha, ndipo akafika kunyumba Lachiwiri ndiye kuti wayenda bwino.

Njirayo payokha ndi sukulu. Ukawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, umagona mu Tete motentha, n'kudzuka nkhuku zisanalire kukakwera basi. Kuchokera apo ndi makilomita pafupifupi 600. Ku Changara kuli milambe, mbuzi ndi miyala yokhayokha, ndipo anyamatawo, amene anakulira m'dera la mvula yambiri, ankafunsana kuti kodi anthu a kumeneko amadya chiyani. Ukadutsa Guro n'kufika Catandica dziko limabiriwiranso. Utatsala pang'ono kufika ku Chimoio umalowa msewu wa N6, kudutsa Inchope pamene pamakumana misewu ya kumpoto ndi kumwera, kenako mapiri amatha, n'kuyamba chigwa cha Púnguè, chathyathyathya mpaka maso kutopa, mpunga ndi nzimbe mbali zonse. Pofika ku Dondo mphepo imakhala itasintha fungo.

Anyamatawo anali ataona nyanja pafoni, yabuluu ngati ya m'makalendala. Ya ku Beira si yotero. Madzi ake ndi ofiirira chifukwa mitsinje ya Púnguè ndi Búzi imathira matope ake pomwepo. Poyamba anakhumudwa pang'ono. Chimene chinawagwira mtima ndi china: m'mawa tinapeza madzi ali kutali, mabwato atagona chammbali pamatope, amayi akutola nkhono pamalo pamene dzulo lake panali mafunde. Patapita maola angapo madzi aja anali atabwerera mpaka kukhoma. Ku Beira nyanja imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo nthawi zina kusiyana kwake kumapitirira mamita 6. Mmodzi mwa anyamatawo anaphunzira zimenezi m'kalasi, kuti n'chifukwa cha mwezi, n'kuzilemba pamayeso. Anaima pamchenga n'kumawafotokozera anzake ndi manja, mawu akukwera, monga munthu amene wangozindikira kuti aphunzitsi ake sankanama.

Malume aja anavula nsapato, napinda buluku mpaka m'mawondo, nalowa pang'onopang'ono. Anatapa madzi ndi dzanja, nalawa, nalavula.

"Mphwanga, bwera nalo botolo lija," anaitana mwana wa mlongo wawo.

"Mukufuna mukamwe kunyumba, malume?"

"Ndikawaonetse amayi ako. Akanena kuti ndathiramo mchere ndekha, iwe ndiwe mboni."

Anadzaza botololo, nalitseka ndi pulasitiki kuti lisatayike, ndipo ulendo wonse wobwerera linali pamiyendo pawo.

Izi zinachitika ku Macuti, pafupi ndi nsanja ya nyale yotsogolera sitima, yamizere yofiira ndi yoyera, imene inamangidwa mu 1904. Patsinde pake pali chigoba cha sitima yakale chodyedwa ndi dzimbiri, ana akusewera m'nthiti zake. Kuchoka apo tinakwera txopela, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija, kupita ku Ponta-Gêa kukaona Grande Hotel. Nyumba imeneyi anaimanga kuti ikhale hotela yapamwamba ya azungu olemera, koma inatsekedwa mu 1963 isanathe ngakhale zaka khumi ikugwira ntchito. Lero mukukhala mabanja ambirimbiri, opanda madzi a m'mipope, mitengo itamera m'makonde a pamwamba, zovala zitayanikidwa pamene panali mawindo. Alendo ambiri amaima patali n'kujambula. Ine ndinawauza anyamata kuti mafoni akhale m'thumba. Muli anthu mmenemo, ambiri a iwo ana ndi adzukulu a amene anathawa nkhondo yomweyo imene inathamangitsira makolo athu ku Ukwimi. Athu anapeza malire pafupi, awa anapeza nyumba yosiyidwa.

Zipsera za namondwe wa Idai, amene anagwa pamzindawu usiku wa pa 14 March 2019 n'kupha anthu opitirira 600 m'dziko muno, zikadaonekabe pa nyumba zina zopanda denga. Koma mzinda uli moyo. Mtsinje wa Chiveve, umene kale unali ngalande ya zinyalala, anaukonza kuti madzi a mvula azitsikira kunyanja, ndipo m'mbali mwake muli paki imene mabanja amakhalamo madzulo. Siteshoni ya sitima, imene inatsegulidwa mu 1966, ndi nyumba yoti munthu aime aiyang'ane. Njanji yochokera pamenepo ndi imene imakafika ku Moatize, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, m'chigawo chathu chomwe chino.

Ku Praia Nova, kumene asodzi amakocheza, tinagula nsomba kwa mayi wina wolankhula Chisena. Anyamata anayamba ndi Chipwitikizi chawo cha kusukulu, chodukaduka. Mayiyo anawayang'ana n'kuyankha m'chilankhulo chake, ndipo anadabwa kuti akumva zambiri. Mtengo anakambirana iye m'Chisena, iwo m'Chichewa, mpaka anawaikira basera.

Masewero anali Lamulungu masana pabwalo la Ferroviário, limene eni ake amalitcha Caldeirão do Chiveve. Ndi bwalo laling'ono, ochemerera amakhala pafupi kwambiri ndi osewera, ndipo mbali zonse kunali zobiriwira ndi zoyera, ng'oma ndi malipenga. Kalabu imeneyi ndi ya anthu a njanji, inayamba mu 1924, ndipo mu 2017 inafika mu ndime ya matimu 8 omaliza a CAF Champions League. M'timu imeneyi munaseweranso Reinildo Mandava asanapite ku Lille, kumene anatenga ligi ya France mu 2021, ndi ku Atlético Madrid. Anyamata athu ankamudziwa Reinildo wa pa kanema. Sankadziwa kuti anathamangapo pa kapinga yemweyo amene ankamuyang'ana.

Ife tinakhala pakona pamene panasonkhana ochemerera Songo. Sindinayembekezere kuti tipezapo anthu ambiri chotero. Anali anthu a ku Tete okhala mu Beira: onyamula katundu kudoko, ophunzira, apolisi amene anali pa tchuthi, amayi a geni. Ena ankalankhula Chinyungwe, ena Chisena cha ku Mutarara. Bambo wina wa ku Ulónguè atamva Chichewa chathu anatembenuka n'kufuula kuti, "Abale anga, mwachokera kuti?" Atamva kuti ku Chifunde anagwira pakamwa, n'kugulira anyamata onse mtedza. Songo ikalanda mpira tonse tinkaimirira pamodzi, woyimbira akalakwitsa tinkakuwa pamodzi, aliyense m'chilankhulo chake.

Pa nthawi yopuma, wochemerera Ferroviário wina amene anakhala kutsidya kwa waya anatifunsa mwaulemu ngati tinali a ku Malawi. Funso limeneli timalimva kawirikawiri tikatsikira kumwera, ndipo nthawi zambiri achinyamata athu amangoseka, ena amavomera kuti nkhani ithe. Tsiku limenelo goloboyi wa timu yathu ya kumudzi, mnyamata wofatsa amene salankhulalankhula, anayankha m'Chipwitikizi momveka bwino kuti ndife a ku Tete, boma la Chifunde, ndipo timu ili m'bwaloyo ndi yathu. Munthu uja anavomereza kuti Chifunde anangoimva pa wayilesi. Anafunsa kuti kuli chiyani. Mnyamatayo anayamba kumuwerengera: fodya, chimanga, golide, Gule Wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Anacheza mpaka osewera anabwerera m'bwalo. Ine ndimakhulupirira kuti mphindi zimenezo zinamupatsa mnyamatayo chinthu chimene maphunziro onse a mbiri ya dziko sanamupatse, ndipo zinamupatsanso kanthu munthu wa ku Beira uja.

Ndikudziwa zimene ena anene, pakuti zinanenedwa kale tisananyamuke: ndalama imeneyo bwenzi itagula feteleza. N'zoona, ulendowu si wotchipa, ndipo amene chaka chino sanakolole bwino asauyerekeze. Koma tonse timaona zimene zimachitika pa ma trading centre msika wa fodya ukatsegulidwa. Ndalama yoposa imeneyo imathera pa mowa m'masabata awiri, ndipo palibe amene amaitana msonkhano. Anyamata awa anasonkha pang'onopang'ono, anagona chipinda chimodzi, anadya nsima ya pamsika, ndipo anabwerako ndi nkhani zimene adzafotokozere ana awo.

Chimene sichinandisangalatse n'chakuti pagulu lonselo panalibe mtsikana ngakhale mmodzi. Alongo awo analima nawo fodya yemweyo, anasoka nawo, ananyamula nawo. Pobwerera ndinawafunsa, ndipo yankho linali lakuti makolo sangalole. Mwina n'zoona. Ndiye pakhale mayi wamkulu mmodzi kapena awiri operekeza, monga zimakhalira pa maulendo a kwaya ndi a mpingo, amene atsikana amapita popanda wodandaula.

Kwa amene Beira yawatalikira, poyambira pali pafupi. Songo ili m'chigawo chathu chomwe, ndipo bwalo la timuyi limatchedwa 27 de Novembro, tsiku limene mu 2007 damu la Cahora Bassa linabwera m'manja mwa Mozambique kuchoka kwa Portugal. Munthu akhoza kuona khoma la damulo, lotalika mamita 171, m'mawa, masana n'kuonera mpira. Ndandanda wa masewero a Moçambola umatuluka ligi isanayambe, ndipo miyezi yake imagwirizana ndi nyengo yogulitsa mbewu. Aphunzitsi a m'sukulu za sekondale za m'boma lino, atsogoleri a matimu a m'midzi ndi a makalabu a alimi angathe kukhala pansi mwezi wa March, kusankha Lamulungu limodzi, n'kuyamba kulemba mayina.