Bokosi la Maliro Titha Kugula, Nanga Mankhwala a Agogo?

 Lero ndili ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo.

Mwezi wathawu tidaika m'manda mnzanga wina amene ndidaphunzitsa naye zaka zambiri. Pamaliro pake padabwera bokosi lonyezimira, mpunga ndi nyama zidasefukira, ndipo chipepeso chidawerengedwa mpaka dzuwa kupendeka. Koma ine amene ndinkamuzonda ndikudziwa kuti miyezi itatu yomaliza ya moyo wake ankadumphitsa masiku akumwa mankhwala a BP, chifukwa ndalama zogulira zinkamuthera mwezi usanathe. Ndidadzifunsa kuti: kodi ndalama zimene zidaoneka tsiku la maliro zidali kuti pamene munthu adali moyo?

Mwambo wosonkha pamaliro ndi wabwino, ndipo sindikuunyoza. Chimene ndikunena ndi chakuti mwambo womwewo tiubwezere m'mbuyo pang'ono, uyambe kugwira ntchito nkhalamba ikadapuma. Kuti izi zitheke, banja liyenera kudziwa njira zimene zilipo.

Njira yoyamba ndi chipatala cha boma. M'dziko muno chithandizo cha m'zipatala za boma n'chaulere, kuyambira kuzipatala zazing'ono za m'midzi, chipatala chachikulu cha boma la Mulanje, kufikira ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene amatumiza odwala kwambiri. Apa ndiye pamaziko pathu, ndipo wina asakunamizeni kuti gogo wanu angakhale popanda chipatala chimenechi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Onetsetsani kuti agogo ali ndi buku lawo lakuchipatala, kuti akuyezedwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso kuti sakuphonya tsiku limene adokotala adawalembera. Komabe tonse tikudziwa kuti m'dziko lathu lino mankhwala ena amatha m'zipatala, ndipo wodwala amauzidwa kuti akagule kufamase. Chaulere chija chimafuna ndalama ya minibasi, ya chakudya cha womudikirira, ndi ya mankhwala osowawo.

Njira yachiwiri ndi zipatala za mishoni za m'bungwe la CHAM, monga Mulanje Mission ya mpingo wa CCAP. Kumeneku munthu amalipira. Boma limachita mapangano ndi zipatala zotere kuti chithandizo china chikhale chaulere, koma mapanganowa amakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Choncho musanyamule agogo muli chimanjamanja poganiza kuti zonse n'zaulere, yambani mwafunsa.

Njira yachitatu ndi sikimu ya chipatala, imene ena amati inshuwalansi ya zaumoyo. Yodziwika kwambiri ndi MASM, koma aliponso mabungwe ena. Munthu amapereka ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo akadwala bungwelo limamulipirira kuzipatala zolipiritsa zimene lidagwirizana nazo. Zidzukulu zathu za m'tauni zimakonda kuthamangira njira imeneyi, ndipo mtima wawo ndi wabwino. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musanasaine pepala lililonse, kaya ndi la bungwe liti, funsani mafunso awa. Kodi amalandira munthu watsopano wa zaka zofika pati? Kodi matenda amene agogo ali nawo kale adzawalipirira, ndipo adzayamba liti? Kodi munthu amadikira miyezi ingati asanayambe kuthandizidwa? Kodi pa bilu iliyonse wodwala amawonjezerapo zingati zakezake? Kodi pa chaka pali malire a ndalama zingati? Ndipo funso lathu ife a kuno: kodi chipatala chapafupi cholandira khadi limenelo chili kuti? Khadi logwira ntchito ku Blantyre kokha silithandiza nkhalamba yodwala usiku ku Likhubula kapena ku Muloza. Safunsa adadya phula.

Inunso amene muli pantchito, ndipo abwana amakulipirirani sikimu, funsani lero chimene chidzachitike mukadzapuma pa zaka 60. Ambiri amadzidzimuka kuona kuti chitetezo chatha pa nthawi yomwe thupi layamba kuchifuna. Kumbukiraninso kuti ndalama ya penshoni siithamanga ngati mitengo ya zinthu. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mankhwala athu ambiri amachokera kunja. Sikimu imene mungailipire miyezi isanu n'kuileka ndi ndalama yotaya m'madzi.

Maganizo anga tsono ndi awa. Chipatala cha boma chikhale mzati wa nyumba. Sikimu ndi khonde: n'labwino kwa amene angathe kulimanga ndi kulisamala chaka ndi chaka. Banja limene lilibe mphamvu yotero lisachite manyazi, koma likhazikitse thumba la matenda a agogo. Mwinimbumba aitanitse ana ndi adzukulu, a ku Lilongwe ndi a ku Johannesburg omwe, aliyense alonjeze kangachepe kamene angathe mwezi uliwonse. Masiku ano kutumiza n'kosavuta, poti kuli Airtel Money ndi Mpamba. Asankhidwe anthu awiri osunga thumbalo, ndipo zonse zilembedwe m'kope. Amayi a banki m'khonde adationetsa kale kuti zimenezi n'zotheka. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo pokambirana zonsezi agogo eniake akhalepo, pakuti thupi ndi lawo ndipo nzeru sizidawathere.

Boma nalo lili ndi ngongole kwa ife. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira nkhalamba zina zosauka. Koma inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse tilibe. Anzathu a ku Zambia adakhazikitsa lamulo lake mu 2018, ndipo ku Ghana, kumene adayamba mu 2003, munthu wa zaka 70 kapena kuposerapo salipira ndalama ya pachaka ya sikimuyo. Phungu wanu akabwera kudzapempha mavoti, mufunseni za nkhani imeneyi.

Adzukulu anga, sindikupempha bokosi lodula. Tsiku langa likadzafika, matabwa wamba adzandikwanira. Chimene ndikupempha n'chakuti Loweruka likudzali muimbirane mafoni, mugwirizane za thumba lija, ndipo wina apite kukaona ngati botolo la mankhwala a agogo lili ndi kanthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Tsalani bwino, ndine gogo wanu.