Makina Oumitsira Zovala Tili Nawo Kale

Chaka ndi chaka, mvula ikalimba m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, m'nyumba zathu zogona mumabuka nkhani imodzimodzi. Yunifolomu yochapa Loweruka imafika Lolemba ikali yachinyezi, malaya oyera amachita chuku m'khosi, ndipo ena amalowa m'kalasi akununkha ngati thumba la chimanga lovumbidwa. Tsono anzathu ena anena kuti akulu a sukulu atigulire makina oumitsira zovala onga aja a m'mahotela. Ine maganizo amenewa ndiwakana, ndipo ndipempha owerenga magazini ino kuti ayambe amva zifukwa zanga asanandiyese munthu wodana ndi chitukuko.

Makinawo ndiwadziwa pang'ono chifukwa malume anga agwira ntchito yochapa pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo pa tchuthi anandionetsa m'kati mwake. Mulibe zamatsenga ayi. Muli mgolo umene uzungulira ndi lamba wokokedwa ndi mota, muli waya wotentha wonga wa m'mbaula ya magetsi, ndiponso chokupiza chimene chikankha mpweya wotenthawo kuti upyole m'zovala nutuluke panja ndi paipi, utasenza chinyezi. Pakhomo pake pali kasefa kogwira ubweya wothothoka m'nsalu. Malume anena kuti kasefa kameneka ayenera kukapukuta nthawi iliyonse akatulutsa zovala. Mgolo ukamazungulira, kutentha kulipo, koma zovala zosauma, iwo sathamangira kwa makaniko, koma ayamba ayang'ana sefa ndi paipi, pakuti kawirikawiri mpweya ndiwo wasowa potulukira. Mota ikamalira mgolo uli duu, ndiye kuti lamba waduka kapena wavuka. Mgolo ukamazungulira koma mpweya uli zii, ndiye kuti waya wotentha uja wapsa, kapena kafyuzi koteteza makina kaduka chifukwa anatentha mopitirira, ndipo kutenthako nthawi zambiri gwero lake ndi paipi yomwe ija yotsekeka. Asanamasule kanthu kalikonse ayamba azula pulagi kukhoma.

Ubweya umenewu si woseweretsa. Mu Ogasiti 2016 nyumba ina yosanjikizana ku Shepherd's Bush mu mzinda wa London inayaka moto wochokera m'makina otere, ndipo mu 2019 kampani ya Whirlpool inaitanitsa makina ake zikwi mazanamazana ku Britain chifukwa ubweya unali kufika pa waya wotentha nkuyaka. Ngati zinatero kwa anthu okhala pafupi ndi ozimitsa moto, nanga ife kuno kunsi kwa phiri, amene tilephera kugwirizana za amene asese bafa Lachitatu, sefayo adzapukuta ndani?

Tiwerengenso masamu. Makina amodzi a panyumba amadya mawati ngati 2,500, ndiko kunena magetsi okwanira mababu 250 a mawati 10. Tiyerekeze sukulu ya ophunzira 300, ndipo mgolo umodzi ulandira zovala za anthu atatu kwa ola limodzi. Ameneyo ndi maola 100, masiku anayi usana ndi usiku ndi maola ena pamwamba, makina osapuma. Komanso makinawo anawapangira zovala zofinyidwa ndi makina anzake ochapira; zathu zofinya ndi manja zimakhala ndi madzi ambiri, motero nthawi ingachuluke koposa. Ndipo zonsezi ndi pamene magetsi alipo. Tonse tikumbukira kuti namondwe Ana ataononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ambiri anawerenga ndi tochi. Chondiseketsa ine ndi ichi: pa Golomoti pompa pali munda wa magalasi a dzuwa umene unatsegulidwa mu 2022, wopanga mamegawati 20. Anthu ophunzira anaona kuti dzuwa la kwathu kuno ndi chuma, nalisandutsa magetsi. Ife tsono tifuna kugula magetsiwo kuti tiwasandutsenso kutentha koumitsira kabudula, pamene dzuwa lenilenilo lili pamutu pathu kwaulere.

Chimene ndinaphunzira pa makina a malume ndi chakuti chovala chimauma ndi zinthu zitatu: kutentha, mpweya woyenda, ndi mpata woti mpweyawo udutsemo. Waya wathu woyanikira kuseri kwa nyumba zogona agwira ntchito ndi zitatu zomwezo. Ameneyo ndiwo makina athu, ndipo nawonso amafa monga afera makina ena onse, kungoti ife tikaona afa sitiwakonza, timangotukwana mvula.

Taonani mmene alili. Mizati inadyedwa ndi chiswe patsinde, ndipo inaweramirana ngati nkhalamba ziwiri zonong'onezana. Waya anakhwepa, kotero kuti pakati pake bulangete limakhudza udzu. Wayayo anachita dzimbiri, ndipo malaya oyera akayanikidwapo amatuluka ndi mzere wofiira pamsana umene sopo aliyense alephera kuuchotsa. Chifukwa waya ndi wochepa, anthu amasanjikiza zovala zitatu pamalo a chimodzi, ndiye kutseka sefa kumene. Amene wachedwa kuchapa amapeza malo atatha, nayala zovala zake pa udzu, pa mpanda wa maluwa, kapena pansi pa mtengo wa mango. Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu imene yandichititsa kulemba.

Kuno ku chigwa kuli ntchentche ina yofiirira ngati uchi, imene Azungu aitcha putsi fly, dzina losasiyana ndi mawu athu akuti mphutsi. Ntchentche imeneyi simaluma munthu ayi. Yaikazi imaikira mazira oposa 100 pa dothi louma la pamthunzi, makamaka ponunkha mkodzo wa anthu kapena wa agalu, ndiponso pa zovala zachinyezi zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu mazirawo amaswa timphutsi tating'onoting'ono tosaoneka bwino ndi maso, timene tikhoza kudikira koposa sabata osadya kanthu. Munthu akavala chovalacho, kamphutsi kamamva kufunda kwa thupi nkuboola khungu, iye osamva kanthu. Poyamba pamangoyabwa ngati poluma udzudzu, kenaka pamatupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, ndipo ena amamva chinthu chikutakataka m'katimo usiku. Kamakula m'menemo masiku 8 kufikira 12, nkugwa pansi kukasanduka ntchentche ina. Malo ake okonda ndi pamsana, m'chiuno, m'ntchafu ndi pamatako, ndiko kunena ponse pamene chovala chimakhudza thupi, ndipo chifukwa ndi malo ochititsa manyazi ambiri amabisa. Ndinaona mnyamata wina wa Fomu 1 atakhala chopendekera pa desiki sabata yathunthu, anzake namuseka kuti ali ndi matenda oipa, ena namuuza kuti amulodza ku mudzi. Atapita naye ku chipatala anangomata mafuta a Vaseline pa tibowoto kuti mphutsi zisowe mpweya, ndipo zinayamba kusuzumira zokha, nazitulutsa zinayi. Ufiti wake unali shati yoyanika pansi pa mango. Ndichenjeze pano kuti kufinya chotupa chotere ndi mphamvu kapena kuchitokosa ndi singano nkoipa, pakuti mphutsi ikaphulikira m'kati bala limachita mafinya.

Ntchentcheyi imathawa dzuwa lamphamvu, ndipo mazira ake amafa ndi moto wa nsimbi. Nchifukwa chake agogo athu amalimbikira kusita ngakhale matewera a mwana ndi nsalu zogonera, zimene sizionekera kwa alendo. Ife ophunzira timasita kolala ndi kutsogolo kwa shati, malo oona aphunzitsi pa mzere wa m'mawa, koma zovala zam'kati ndi misoko ya m'chiuno timazisiya, pamene mazira amabisala m'misoko momwemo. Kusita koteroko nkositira aphunzitsi, mphutsi sikuikhudza.

Nsimbi yathu ya makala nayonso ili ndi matenda ake. Phulusa likatseka tibowo ta m'mbali moto umazilala ngakhale munthu akupize mpaka mkono kuwawa. Katambala kotsekera chivundikiro kakakhwepa, khala limagwera pa siketi, ndipo siketi za masiku ano za nayiloni sizikhululuka. Kunsi kwake kukachita dzimbiri kumafuna kukwecha ndi phulusa losalala ndi kupakapo kandulo pang'ono ikali yofunda, nkuyesa pa sanza musanaike pa malaya. Zonsezi ndi ntchito ya mphindi khumi, koma popeza nsimbiyo ndi ya aliyense, womaliza kusita amaisiya panja ndi makala ake, mame naigwera usiku wonse. Paja akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Wina adzati: zonsezi tamva, koma mvula ikagwa masiku atatu osaleka, dzuwa lakolo lili kuti? Funso limeneli ndi loona ndithu, ndipo sindilizemba. M'miyezi imeneyi mpweya wa kuno kufupi ndi nyanja umakhala wokhuta kale madzi, motero umalandira chinyezi cha zovala mwaulesi. Koma alimi a fodya wa bale amaumitsa masamba awo mvula isanathe, m'chigafa chopanda khoma, chofolera pamwamba pokha kuti mphepo idutse. Asodzi ena ku Salima ndi ku Mangochi amaumitsa usipa m'tinyumba ta pulasitiki yoonekera, timene timasunga kutentha kwa dzuwa ndi kuletsa mvula ndi ntchentche. Ngati usipa wonona uuma m'menemo, shati ingakanike bwanji? Chigafa chimodzi kwa anyamata ndi china kwa asungwana, cha mizati ya bulugama yopaka oilo wakuda patsinde kuti chiswe chiope, chingathetse madandaulo ambiri pa mtengo wosafika ngakhale pa bilu ya magetsi a makina aja. Nditi bulugama dala, pakuti tsanya ngakhale alimba koposa, ali m'nkhalango yotetezedwa ndipo sitifuna kukangana ndi a zankhalango. Cha asungwana chiyenera kukhala ndi mpanda wa udzu kapena wa bango wotalikirako pang'ono kuti usatseke mphepo, chifukwa alongo athu ambiri amayanika zovala zam'kati pansi pa matiresi kapena m'sutikesi poopa maso a anthu, ndipo chovala chouma mumdima chotero chimabweretsa zoyabwa.

Ansembe a White Fathers anafika pa Mua mu 1902 atavala mikanjo yoyera, ndipo pa nthawiyo magetsi kunalibe m'chigwa chonse chino. Mikanjoyo inauma ndi dzuwa lomweli ndi mphepo yomweyi yotsika m'phiri ndi mtsinje wa Nadzipokwe.

Pempho langa kwa akapitawo a nyumba zogona ndi ili. Pa ntchito za Loweruka m'mawa pakhale anthu awiri a pa waya, monga pali a ku bafa ndi a ku khitchini. Ntchito yawo ikhale kugwedeza mizati kuti aone ngati chiswe chalowa, kukunga waya wokhwepa ndi kuika mphanda ya nsungwi pakati, kupukuta waya ndi sanza, kutchetcha udzu wa pansi pake, ndi kupirikitsa agalu ogona pamenepo. Nsimbi ikhale ndi mwini wake wa sabata, wokhutula phulusa ndi kuilowetsa m'nyumba madzulo. Kwa akulu a sukulu tipempha waya wokutira pulasitiki m'malo mwa wa dzimbiri uja, misomali, ndi malata akale amene anatsala pofolera nyumba yodyera. Mizati ndi maenje tidzakumba tokha, ndipo tikayamba mu Okutobala chigafa chidzakhala chitaima mvula yoyamba isanagwe.