Chombo chimatera pa mwezi, sichigwerapo

Tsiku lina m'kalasi ya Fomu 3, mnyamata wina anati chombo cha dziko la India "chinalanda pa mwezi". Kalasi yonse inafa ndi phwete. Chinalanda chani, chinalanda ndani? Mnzake pomukonza anati, "Ayi aphunzitsi, chinagwera pa mwezi." Apa ine sindinaseke, poti wachiwiriyu ndi amene anaphonya kwambiri.

Liwu loyenera tili nalo kale, ndi kutera. Mukapita pamsika wa Lizulu mukaonetsetse khwangwala akamatsika. Akatsala pang'ono kufika pansi amatambasula mapiko, kukupiza kawiri katatu, kutsogoza miyendo, kenako n'kuponda. Liwiro wachepetsa yekha, malo wasankha yekha. Mango akathothoka mumtengo sasankha kanthu, amangoti phu! Amenewo ndiye agwa. Ndipo ife a kuno ku Ntcheu kusiyana kwa mawu awiriwa timakudziwa mopweteka: ndege ija ya mu Juni 2024 ikanatera m'malo mogwa ku Chikangawa, sitikanasonkhana pamaliro ku Nsipe.

Tsono taonani sabata imodzi ya mu Ogasiti 2023. Pa 19, chombo cha Russia chotchedwa Luna 25 chinamenya mwezi n'kuphwanyika. Pa 23, Vikram, kachombo ka Chandrayaan-3 ka India, kanaponda bwinobwino kufupi ndi kummwera kwenikweni kwa mwezi. Mukanena kuti zonse ziwiri "zinagwera pa mwezi", mwafufuta ntchito yonse ya akatswiri amene anapambana.

Ntchitoyo si yamasewera. Ku mwezi kulibe mpweya, ndiye mapiko alibe chokupiza, parachuti naye sangatambasuke. Chombo chimayenera kulozetsa injini zake komwe chikupita n'kuziyatsa, kuti moto wotulukawo ukhale buleki. Vikram anayamba kutsika akuthamanga makilomita pafupifupi 6,000 pa ola, ndipo m'mphindi pafupifupi 20 liwiro lonselo linayenera kutha, osati msanga kwambiri, osatinso mochedwa. Ukaima uli m'mwamba mafuta akuthera, ugwa. Ukachedwa, umenya. Nchifukwa chake Luna 2 anamenya mwezi kale mu 1959, koma kutera kwenikweni kunadikira Luna 9 pa 3 Febuluwale 1966. Zaka zoposa 6 kuphunzira buleki basi.

Mu Physics mfundo yake ndi imene mumaidziwa ija: nthawi yoimira ikatalika, mphamvu yokumenya imachepa. Mayi wa tomato amaidziwa popanda buku. Dengu amalitula, akupinda mawondo pang'onopang'ono, saliponya. Liwu la kutula nalonso lili ndi malo ake m'nkhanizi. Pa 18 Febuluwale 2021, galimoto ya Perseverance inatsitsidwa pa Mars ndi zingwe kuchokera ku chombo chimene chinali chitayandama m'mwamba ndi moto wa injini. Ine ndimati chombo chija chinatula katundu, n'kuuluka kukagwera kutali.

Ena amati Chichewa sichikwana pa sayansi, bola kungonena pa Chingerezi. Pa mawu ena ndimavomera, sindilimbana ndi roketi kapena injini. Koma apa Chingerezi chimachita kuwonjezera liwu lina kuti chisiyanitse kufika mofatsa ndi kufika momenya, pamene ife kutera kokha kwanena zonse.

Povuta ndi pa SLIM, chombo cha Japan cha mu Januwale 2024. Injini imodzi inawonongeka chikutsika, ndiye chinafika chozondoka, mphuno pansi, masola atayang'ana kolakwika. Patapita masiku, dzuwa litasuntha, chinadzuka n'kuyamba kutumiza zithunzi. Kalasi ija inagawikana pakati, ena akuti chinagwa, ena akuti chinatera. Ine ndinati chinatera, koma ngati nkhuku yodumpha pa nkhokwe. Mtsikana wina wa kumbuyo mpaka lero amakana, akuti chinthu chofika ndi mphuno chagwa basi.