ZA M'MPHIKA: Kolifulawa Wootcha, Ndiwo za Munthu Wotopa

Sabata ino ndifuna tikambirane za ndiwo zina zimene ambiri a ife timangozipitirira pa msika, poyesa kuti ndi chakudya cha Azungu okha. Ndikunena kolifulawa, uja wa mutu woyera ngati thonje pakati pa masamba onga a kabichi. Pa Chiafrikaans amati blomkool. Iye ndi mbale wake wa kabichi, ndipo kwathu ku Malawi amalimidwa ku malo ozizira monga Dedza ndi Ntcheu.

Mwina wina afunsa kuti, kodi mwamuna wogwira nchito ya mgodi ali nazo chiani ndiwo zotere? Tamverani. Makolo athu amene anadza kuno ku Joni ndi Wenela sanali kudziphikira. Pa migodi yonga ERPM ku Boksburg, umene unayamba mu 1893 ndi kuleka kukumba pansi mu 2008, munthu anali kufola ndi mbale yake pa khichini ya komponi, nalandira nsima, nyemba, nyama ndi mahewu. M'zaka zoyamba zija ambiri anagwidwa nthenda yotchedwa sikavi: nkhama zinali kutupa ndi kuchucha mwazi, mano kugwedera, miyendo kulefuka, ndi mabala osapola. Chifukwa chake chinali kusowa kwa ndiwo zatsopano ndi zipatso, kotero boma linaika lamulo lakuti migodi izipereka ndiwo zamasamba pa chakudya cha anchito. Mu 1932 anthu ophunzira anatulukira kuti chimene chimaletsa nthendayi ndi vitamini C.

Lero zinthu zinasintha. Ambiri a inu mumalandira ndalama ya nyumba ndi kuchita lendi ku KwaThema, Tsakane kapena Daveyton, ndipo mphika uli m'manja mwanu. Ndimaona anyamata akaweruka angogula buledi, tchipisi ndi chakumwa cha shuga, pena nsima ndi nyama yootcha, sabata yonse osalawa tsamba. Palibenso kapitao wa khichini woti akuikireni ndiwo m'mbale. Akulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Thupi lanu ndilo khasu lanu, ndipo ana kumudzi akudya chifukwa cha ilo.

Kolifulawa wosaphika ali ndi vitamini C wochuluka pafupi-fupi kulingana ndi lalanje la kulemera komweko. Amakonda chisanu, chotero m'miyezi ya June ndi July, pamene udzu wauma ndipo ndiwo zina zasowa, iye amapezeka wambiri. Mudzampeza pa msika waukuru wa ndiwo ku Springs, m'masitolo, ndi kwa amai ogulitsa pa matekisi. Pogula sankhani mutu woyera, wolimba ndi wothinana, wa masamba obiriwira. Wa mawanga akuda kapena wofewa, msiyeni pomwepo.

Bvuto lili pa kaphikidwe. Ambiri amene amati kolifulawa sakoma anadya wowiritsa m'madzi ambiri kufikira atasanduka phala, ndi pfungo lake lodzaza nyumba yonse. Pophika motero vitamini uja amatsalira m'madzi amene mumataya. Ndiponso musathiremo soda monga tichitira ndi therere, pakuti soda amaononga vitamini ameneyu. Njira yabwino ndiyo kuotcha. Moto umaumitsa madzi, nufiiritsa m'mbali, ndipo ndiwo zimatsekemera pang'ono ndi kununkhira ngati mtedza wokazinga.

Chitani motere. Dulani mutuwo m'zidutswa zolingana, chilichonse ngati dzira la nkhuku. Zibviikeni kanthawi m'madzi a mchere kuti mbozi zobisala zituluke. Kenaka ziumitseni bwino ndi kansalu koyera. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa kolifulawa wonyowa sapsa mofiira, amangofewa ndi nthunzi. Thirani masipuni atatu a mafuta ophikira, mchere, ndi kasipuni kamodzi ka kare kapena tsabola, ndi kusakaniza ndi manja kuti chidutswa chilichonse chilandire mafuta.

Ngati muli ndi uvuni, utenthetseni poyamba kufika pa 220. Yalani zidutswa pa thireyi motayana, zisasanjikizane. Zikhale mphindi 25, koma pakati pa nthawiyo muzitembenuze kamodzi. Mukaona m'mbali mwafiira ndipo mpeni ulowa mosabvuta pa phesi, zapsa. Nthawi imeneyo ikwanira kuti musambe ndi kubvundula nsima.

Ndidziwa kuti ambiri muli ndi kasitovu ka mbale ziwiri chabe. Musadandaule. Tengani chiwaya chochindikala kapena mphika wachitsulo wa miyendo itatu, utenthe bwino, ndipo goneketsani zidutswa ku mbali yodulidwa. Zisiyeni mphindi 5 osatakasa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zikafiira pansi tembenuzani, thirani masipuni awiri a madzi, bvundikirani mphindi zina 5, ndipo potsiriza bvundukulani kuti madzi aphwe. Amene muli ndi mbaula, dulani mutuwo m'mapisi onga a buledi, ochindikala ngati chala, pakani mafuta, ndi kuika pa waya wootchera nyama pamene makala afiira ndipo malawi atha.

Pa za mbaula ndiime pang'ono, pakuti ndi nkhani ya moyo. Otcherani pabwalo. Musalowe nayo m'chipinda ndi kutseka chitseko ndi mazenera kuti muothe, ngakhale chisanu chiwawe chotani. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, womwe uja mumauopa pansi pa mgodi moto ukabuka. Munthu amangomva mutu ndi tulo, nagona osadzukanso. M'nyengo yozizira anthu amafa motero m'malokesheni muno, ndipo kutumiza maliro ku Malawi si ndalama yochepa.

Tsono wina adzati, nanga nsima ndimeza bwanji ndi ndiwo zopanda msuzi? Zoonadi, kolifulawa wootcha ndi ndiwo zapambali. Muikeni pafupi ndi nyemba, usipa kapena nyama. Ngati mulibe zimenezi, kazingani anyezi mmodzi ndi matimati awiri ndi kuthira pamwamba. Koma ine njira imene ndiikonda koposa ndiyo yakwathu ya kutendera. Nsinjiro zikasowa, tengani sipuni yaikuru ya chiponde cha m'botolo, sungunulani ndi madzi otentha pang'ono ndi mchere, wiritsani mphindi ziwiri, ndi kutsanulira pa kolifulawa ali wamoto. Mukafinyirapo ndimu, ngakhale mnzanu wa Chixhosa wa chipinda choyandikana adzabwera ndi mbale.

Masamba ndi phesi musataye, munalipira zonse. Masamba aduleni tating'ono ndi kuphika monga kabichi, ndipo phesi mulisende ndi kuotcha pamodzi ndi zidutswa zina. Mutu umodzi waukuru ukwanira anthu atatu, kapena munthu mmodzi masiku awiri. Zotsala bvundikirani ndi kuika pozizira, mawa mutenthetse mu chiwaya.

Pempho langa ndi ili: pa malipiro akudzawa, musanapite kotumiza ndalama kumudzi, patulani ya mutu umodzi wa kolifulawa ndi kuyesa. Amene mudziwa njira ina yophikira, lembani kalata kwa Mkonzi kuti anzathu aphunzireko, pakuti safunsa anadya phula. Sabata yamawa tidzakamba za kaphikidwe ka nyemba kosatha magetsi ambiri.

Tsalani bwino, ndipo mutuluke pansi ndi moyo.