Kodi Foni Yanu Ndi Yanudi?

Inu acinyamata, foni munagula ndi thukuta lanu. Nanga bwanji kampani ndiyo ikuuzani tsiku loitaya? Ikangoleka kutumiza mapulogalamu atsopano, foni yabwino-bwino isanduka cinyalala. Uku ndi kutidyera masuku pamutu!

Njira ina ilipo. Mu 2017 Canonical inasiya Ubuntu Touch, koma anthu odzipereka a UBports anaitola naipitiriza. Caka comweco kunabadwa postmarketOS, yofuna kuti foni izikhala zaka 10. Mu PinePhone ya Pine64 muikamo Linux imene mwasankha nokha, ndipo ili ndi maswichi ozimitsira kamera ndi maikolofoni.

Zoona, mapulogalamu ambiri a banki sagwiramo nchito. Komabe musanagule foni ina, funsani wogulitsa: "Kodi ndingasinthe za mkati mwake?" Akakana, dziwani kuti mwabwereka cabe.